Beni Kuseri kwa Chipatala

Che Zubairu anasiya basiketi ya zakudya pa geti la chipatala nkubwerera mapewa ali pansi. Mlonda anawauza mwaulemu, koma mosanyengerera, kuti kumene agonekedwa odwala korona sikulowa munthu, ngakhale mwamuna wa wodwalayo.

Mkazi wawo, Abiti Yunusu, anatengedwa akupuma mobanika, ndipo chilowereni m'menemo sanawaonenso. Zinkawapweteka kwambiri. Kwathu kuno wodwala amazondedwa, ngakhale munakangana naye dzulo. Nanga munthu amene mwakalamba naye nyumba imodzi? Foni mayiwo ankakana kuigwira, amati imalankhula ngati munthu ali m'chitsime. Choncho Che Zubairu ankangoyendayenda pakhonde nkumadziguguda: “Aziti ndawataya. Ndikuwadziwa bwino, aziti ndathawa chifuwa.”

Bambowa ndiwo anali mkulu wa gulu la beni pa Ulongwe, gule uja amavina atavala ngati asilikali. Koma chiletsereni misonkhano, ng'oma zinali kudyedwa ndi mphemvu kudenga.

Tsiku lina kunabwera Hellen, mlangizi wa zaumoyo, nkutsamiritsa njinga pamtengo wa mango, mawu atasasa.

“Che Zubairu, ndatopa,” anatero. “Ndimakuwa ndi chimkuzamawu pamsika kuti valani masiki, sambani m'manja, anthu nkumangopitiriza kuyeza chimanga ngati kukulira mbuzi. Matenda akuchuluka. Inu mukaimba, mwina amva.”

Mtima wa bambowo unadumpha, koma nkhope anaiumitsa ngati akuganizira nkhani yaikulu.

“Tidutsa njira iti, mwanangu?”

“Kuchokera pa siteji ya maminibasi kukathera pamsika.”

“Iyayi. Beni sathera pamsika. Tikathere kuseri kwa chipatala, kumene kuli mawindo.”

Hellen anawayang'ana, anamvetsa, ndipo anamwetulira m'kati mwa masiki. “Chabwino. Koma anthu akaunjikana, ndiimitsa pomwepo. Ndanena.”

Apa onse awiri anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa ku Machinga ndi Balaka amachidziwa: ng'oma ya beni ntchito yake ndi kuitana anthu. Kuituma kuti ikauze anthu asaunjikane kuli ngati kutuma nsomba youma kukathamangitsa amphaka.

Loweruka m'mawa gulu linatuluka, makhaki atasitidwa, mamendulo a zitsekerero za mabotolo akuphathimira pachifuwa. Che Zubairu anabisa wenzulo m'kati mwa masiki, chingwe chikulendewera pachibwano. Ng'oma itangogunda kamodzi, Ulongwe yense anasiya zimene ankachita. Amayi a tomato anasiya tomato, oitanira maminibasi a ku Liwonde anasiya apaulendo ali pakhomo, wometa anatuluka ndi kasitomala mutu utametedwa mbali imodzi. Anthu ozunzika ndi kukhala chete miyezi yonseyi anakhamukira pamsewu, kupanikizana, kupumirana m'makosi, nthungululu zili m'mwamba.

Hellen anagwira mutu. Anadutsa pakati pa chikhamucho akukupiza manja.

“Imitsani! Che Zubairu, basi, zathera pano! Mukufuna ndidzaze chipatala ndi manja anga?”

Ng'oma inaleka. Bambo aja anayang'ana kutsogolo. Denga la chipatala linkaoneka ndithu, kuseri kwa mitengo, pafupi kwambiri moti zinawawawa. Anachita mantha kuti abwerera opanda kuwaona mayi aja. Kenako anakumbukira kuti pachifuwa pawo pali mamendulo, ngakhale a zitsekerero.

Anakwera pa thumba la chimanga la munthu wina nkuliza wenzulo mpaka makutu kuwawa.

“Tamverani! Beni ndi gule wa asilikali, si wa nkhuku zolimbirana madeya! Wofuna kutitsatira lero ndi msilikali. Mizere! Tambasulani manja! Ukamukhudza mnzako, kaya kutsogolo kaya kumbali, ukagone kwanu. Wopanda masiki amange mpango. Msilikali sayenda mphuno ili pamtunda!”

Ndiye anthu athu ndi odabwitsa. Uwapemphe mwaulemu, akuyang'ana ngati wawabera. Uwalamule ng'oma ili pambali, amasangalala ngati wawapatsa udindo. Anthu anayamba kukankhana mofuna kutalikirana. Mayi Clementina, wa kwaya ya ku Katolika, anadziika yekha kukhala sajeni, akuwongola mizere ndi phesi la chimanga. Shehe wina anaima pambuyo pa wogulitsa kanyenya, manja ali tambalale, ndevu zitatulukira pansi pa masiki. Mipango, mataulo, ngakhale chipewa cha mwana, zonse zinakwera pamphuno.

Che Zubairu anatembenukira kwa Hellen, maso akupempha. Mlangiziyo anayang'ana mizere yotalika mpaka kukhota kwa msewu, anapukusa mutu, kuseka kukumugwedeza mapewa.

“Tiyeni,” anatero. “Koma ine ndikhala kutsogolo.”

Anaguba. Nyimbo inali yatsopano, yopekedwa dzulo lake: “Samba m'manja, msilikali, chifuwa chilibe m'bale!” Hellen ankaponya uthenga wake pa chimkuzamawu pakati pa nyimbo, ndipo ulendo uno anthu ankamuyankha onse pamodzi, fumbi lili kobo.

Atafika pa waya wa kuseri kwa chipatala, Che Zubairu anakweza dzanja. Ng'oma inatsika, nkumangogunda pang'onopang'ono kuti isasokoneze odwala. Mawindo anayamba kutseguka. Kunasuzumira nkhope zachilendo, zofooka koma zikumwetulira. Ya Abiti Yunusu kunalibe. Bamboyo anayambiranso kuyang'ana mawindowo limodzilimodzi.

Kenako windo lakumapeto linatseguka. Namwino anali atagwirizira mayi wowonda, wovala mpango wobiriwira. Mayiyo anayang'ana mizere yonse ija, msewu wodzaza anthu otambasula manja, nkudzaimitsa maso pa mwamuna wake. Anapuma kaye, kusonkhanitsa mphamvu.

“Che Zubairu!” Mawu anali aang'ono, koma aliyense anawamva. “Anthu ena amabwera kudzazonda ndi nthochi. Inu mwabwera ndi Ulongwe yense?”

Khamu linaphulika ndi phwete, nthungululu zinalira m'kati mwa mipango. Mayi Clementina anaiwala usajeni nkuyamba kudula chiuno.

“Muli bwanji, amayi?” anakuwa bamboyo.

“Ndikupuma, alihamudulila! Akuti ndituluka posachedwa.” Anakhosomola pang'ono, kenako anawaloza ndi chala. “Ndimati mwina mwandiiwala.”

Che Zubairu anaima njo, zidendene pamodzi, nkuchita sawatcha ngati pamaso pa mkulu wa asilikali, misozi ikulowa m'masiki. Abiti Yunusu anasiya mkono wa namwino, anagwira felemu la windo ndi manja onse awiri, ndipo anayamba kugwedeza mapewa motsatira ng'oma.

“Kwezani pang'ono,” Hellen ananong'oneza woimba ng'oma. “Pang'ono pokha.”