Paini wa Panjira ya Kumanda

"Bambo ankandiuza zonse ine," Jorma anatero mokweza, akudzithirira khofi wina. "Ngakhale zogulitsa nkhalangoyi tinagwirizana kalekale."

Ritva, mlongo wake, anangopitiriza kudula keke. Jorma ankaimba foni pa Khirisimasi pokha, ndipo bambo awo pafoni sankamva kanthu.

Anthu anali atangochoka kokaika bambo awowo, aphunzitsi Aatos Kettunen, munthu amene anathera moyo wake pa mawu amodzi: vanha, kutanthauza chakale. Ankafufuza mmene Afinishi, Aesitoniya ndi Akareliya anawatengera kwa makolo amodzi omwe sanasiye cholembedwa chilichonse. Polemba mawu a makolowo ankayamba ndi kanyenyezi, chizindikiro cha akatswiri chakuti palibe wamoyo anawamva, koma analipo ndithu.

Jorma anatsatira Ritva kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Makina odula mitengo akubwera Lolemba. Kwatsala iwe kusaina."

"Ndi paini wa panjira ya kumanda yemwe?"

"Mtengo ndi mtengo. Wamkulu ndine, Ritva."

"Pobadwa, achimwene."

"Nanga denga likudonthali ukonza ndi mawu a bambo?"

Dengalo linkadonthadi.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali mayi Helvi, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo, mpeni uli m'manja. Kumbuyo kwake kunkaoneka abusa, akudya keke pabalaza.

"Ndili ndi ngongole ndi malemu. Tiyeni nonse, ndikufuna mboni. Inunso abusa, kekeyo sithawa."

Anandondozana m'chipale chofewa mpaka pa painiyo. Ogula anali ataumanga kale kansalu kofiira, kosonyeza kuti udulidwe. Kale, maliro akamadutsa, anthu ankazokota dzina la wakufa pamtengowo, kuti mzimu ukamabwerera kumudzi uwerenge, ukumbukire kuti unafa, utembenuke.

"Mwamuna wanga atamwalira, aliyense anati zimenezi n'zachikunja," Helvi anatero. "Pepani abusa, inu munali musanabadwe. Aatos anabwera yekha, atavala suti ya kusukulu, n'kuzokota. Anandiuza kuti tsiku lake likadzafika ndidzabweze."

Ritva anasendera pafupi. Pakhungwa panali mayina ambiri, ena atamira m'utomoni, ndipo onse a m'munsi anali a dzanja limodzi, dzanja lomwe linkakonza zolemba zake ali mwana. Kumayambiriro kwa dzina lililonse kunali kanyenyezi. La mayi awo linalinso pomwepo.

Helvi anasanthula ndi chala, kufuna malo.

"Iwe Jorma, chotsa chinsanza chakochi, chikunditchinga."

"Mayi Helvi, mtengowu tinagwirizana kale ndi..."

"Ndi yani? Lankhula mokweza, mayi ako akumve."

Abusa anayang'ana nsapato zawo. Jorma anayang'ana dzina la mayi ake kwa nthawi, kenaka anavula magolovesi n'kuyamba kumasula mfundo. Inavuta, mpaka anailuma ndi mano.

"Uwu wokha sindinkafuna kugulitsa," anatero, akulowetsa kansaluko m'thumba. "Bambo anandiuza."

"Inde, achimwene," Ritva anayankha.

Helvi anakana womuthandiza. Anazokota dzina la Aatos pang'onopang'ono, zilembo zokhotakhota, zoti aphunzitsi akanazilemba mzere wofiira. Atamaliza anabwerera kumayambiriro, n'kudula timizere topingasana ta kanyenyezi.

Anauzira tizipalapasa, n'kupukuta mpeni pamalaya ake.

"Tathana, Aatos."