Bango pa Munthu Wamoyo

Palmira anatsika pa mota, njinga yamoto ya hayala, miyendo itachita dzanzi, fumbi lili mbuu m'nsidze. Ananyamuka ku Chidzolomondo dzulo lake, maminibasi awiri amene kuno amati shapa, kugona kwa wachibale panjira, kenako mota mpaka kuno ku Ntengo-Wambalame, kumene achimwene ake, a Felisberto, anakhala pachikamwini zaka zoposa makumi atatu. Uthenga unali woti anagwa m'dimba mwezi watha. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa panapotoka. Akuchipatala ankati ndi trombozi, matenda ofa ziwalo.

Pakhonde panatsamira njinga, pakaliyala pake atamangapo matabwa atatu.

"Aa, a Tito afika kale?" anatero bambo wa mota uja akuvula chipewa. "Pepani mama, sindinadziwe kuti mukubwera pamaliro."

"Maliro a yani?"

"Njingayo ndi ya a Tito amabokosi. Ikaima pakhomo pa munthu, ife sitifunsanso."

Palmira sanaodire n'komwe. Anaponya chikwama pansi n'kukankha chitseko. Kuchipinda anapeza achimwene ake atagona chagada, ndipo bambo wina wadazi anali atawagoneka bango m'mbali mwa thupi, akulemba chizindikiro ndi mpeni. Kumapeto kwa bangolo kunagwira mlamu wake, Rosália.

"Mayo ine!" anakuwa Palmira.

A Felisberto anatembenuza mutu. Theka la pakamwa linamwetulira. "Pa... mira."

Anali moyo. Anali moyo ndithu, maso ali gwa, koma anthu akuwayeza.

"Takulandirani alamu," anatero Rosália, bango osalisiya. "Khalani pansi, tikumaliza."

"Mukumaliza chiyani?"

"Anamwino anatijambulira papepala. Kamayu ndi wamtali, mapazi awo safika pansi, ndiye a Tito adule miyendo yake. Uku akhome chogwirira, apa aimike mzati, pamwamba chingwe chokokera. Akuti akazolowera azidzuka okha. Msana wangawu watha n'kunyamula."

"Ndiye muyeze ndi bango? Fita yoyezera inatha m'dziko muno?"

"Fita yanga manambala anafufutika, mama," anayankha Tito mwachifatse. "Bango silinama. Chitseko, bango. Mpando, bango."

"Nanga bokosi?"

"Bokosi, bango," anatero munthu wosalakwayo, n'kupitiriza kulemba.

Yankho la Rosália linali lomveka, ndipo kumveka kwakeko n'kumene kunamuvuta Palmira. Bodza labwino limabwera litasita. Iye bango analidziwa. Nthawi ya nkhondo, ali kothawa ku Malawi, adzukulu anabwera nalo kawiri m'kanyumba kake ka maudzu, kuyeza ana ake kuti akakumbe manda olingana. Chiyambire pamenepo sankafuna ngakhale kuona mwana akuseweretsa bango pafupi ndi mnzake wogona. Lero analiona pa thupi la mlongo wake yekhayo wotsala, ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

Ndi Rosália sanayambanepo, komanso sanasekepo limodzi. Munda, dimba ndi nyumba ya malata zonse zinali pa nthaka ya kwawo kwa mkaziyo. A Felisberto anabwera ndi khasu ndi manja awiri basi. Tsopano dzanja latsala limodzi, khasu silingagwirike. Kodi mkamwini wotere pamudzi pa eni amamusunga mpaka liti? Funsoli linamuthetsa njala Palmira, mwakuti mbatatesi zimene anamuphikira anangozitembenuza m'mbale.

M'mawa mwake Tito anabwera ndi chitsulo chokumbira. A Felisberto anawakhazika pampando panja kuti awothere dzuwa, popeza mu Juni chisanu cha kuno ku Tsangano sichiona nkhope. M'chipinda munayamba kumveka di, di, di.

"Akukumba m'nyumba?" anafunsa Palmira.

"Dzenje la mzati," anayankha Rosália akupeta nyemba.

"Kwathu m'chipinda cha wodwala amakumba ndi anthu a zitsamba."

"Kwathu kuno amakumba ndi akalipentala. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, alamu, koma asamete nako anthu asanamupemphe."

Pofika masana zonse zinali m'malo. Kama anafupika. M'mbali mwake munali thabwa losalala logwirira, pafupi ndi kumutu mzati wa bulugamu woima nji, ndipo pambali pake mpando wobooka pakati wokhala ndi ndowa pansi. Koma maso a Palmira anathamangira kudenga. Pa mtanda panalendewera chingwe chatsopano, kumapeto kwake atachipinda goli n'kukulunga ndi mphira wa njinga.

"Umo amalowetsamo mkono mpaka m'chigongono," anafotokoza Tito. "Akakoka, msana umadzuka wokha."

Palmira anayeza golilo ndi maso. Mutu wa munthu ukanalowamo bwinobwino. Bango, dzenje, chingwe. Munthu wodwala, wotopa ndi moyo, n'kumupachikira chingwe pamphuno pake usana ndi usiku! Tsiku lina adzangoti anadzimangirira yekha, ndipo ndani adzatsutse?

Rosália atapita kumjigo, Palmira anakhala pafupi ndi achimwene ake.

"Achimwene, akukusungani bwino pano?"

"Bwi... no."

"Musaope, ndine. Nenani."

A Felisberto anayang'ana kuchitseko. Ankafuna kuona ngati tiyi akubwera, koma Palmira anaonamo mantha. Madzulo omwewo anakwera pachulu kuseri kwa khola, pamene foni imagwira, n'kuimbira mwana wake wamkulu.

"Gregório, pempha galimoto lija mumanyamulira fodya. Loweruka ubwere. Amalume ako tikuwatenga."

"Kodi iwo avomera, amayi?"

"Avomera ndi pakamwa pati? Chibale ndi fupa, sichiola. Ngati n'kufa, akafere kwawo, osati pa chingwe cha eni."

Masiku atatu otsatira chitseko cha kuchipinda chinkatsekedwa m'mawa ndi masana. Palmira ankakhala pakhonde khutu lili tcheru. Ankamva kama akulira, achimwene ake akubuula, ndi mawu a Rosália osanyengerera: "Kokani! Ayi, sindikugwirani. Kokaninso!" Tsiku lina anagogoda.

"Alamu, munthu wodwala amamulankhula choncho?"

"Akupita pandowa. Mukufuna mulowe, mlongo wawo?"

Palmira anabwerera pakhonde. Zimenezo mlongo saona, ndipo Rosália ankadziwa kuti pamenepo wamutsekera njira.

Lachisanu akudya, Rosália ananena nkhope ikuwala, "Lero adzuka okha kawiri. Ine ndinangoima manja kumbuyo."

"Kubuula ndinakumva," anatero Palmira. Za galimoto sananene kanthu.

Loweruka Rosália anavala nsapato za mphira n'kutenga khasu. Ogula mbatatesi ankabwera Lolemba, ndipo chigwere a Felisberto, iye anali asanapondeko kudimba.

"Phala adya, agona. Akadzuka n'kukuuzani kuti mutuluke, ingotulukani mutseke chitseko. Zina zonse achita okha."

Atangozimiririka kuseri kwa mitengo ya mapichesi, Palmira anatenga mpeni wakukhitchini. A Felisberto anali akuliza mkonono. Palmira anakwera pampando mwakachetechete, anadula chingwe chija n'kukachiponya m'chimbudzi. Atabwerako anagwada patsinde pa mzati. Ankafuna aone ndi maso ake chimene anakwirira pamenepo. Anakumba ndi mpeni, anafukula ndi zala, anagwedeza mzatiwo uku ndi uku mpaka unazuka. Anapisa dzanja m'dzenjemo akuyembekezera nsupa, kapena kansanza komanga tsitsi ndi zikhadabo.

Anatulutsa miyala. Anapisanso, natulutsa chibanthu cha njerwa. Pansi pake panali dothi louma basi.

Anakhala kaye chogwada, manyazi atamugwira. Kenako anabwezera mzati m'dzenje, anakankhiramo dothi n'kupondaponda ndi chidendene. Miyala ija anaikankhira kunsi kwa kama, popeza sanadziwe mmene Tito anaipanikizira. Poyang'ana, mzati unaima ngati kale.

A Felisberto anadzuka dzuwa litakwera. Dzanja lamanja linapita lokha m'mwamba, linafufuza, linagwira mphepo.

"Chi... ngwe?"

"Ndachotsa, achimwene. Simukuyenera kugona pansi pa chinthu chotere. Gregório akubwera lero, tikupita kwathu."

A Felisberto anamuyang'ana. Kenako nkhope inasintha, anafinya miyendo.

"Tuluka."

"Ndikudzutseni ine. Ndingokukhazikani pampando, nditseka maso."

"Tuluka!"

Liwu limenelo linatuluka lathunthu, ngati la a Felisberto akale. Palmira anatuluka n'kutseka chitseko. Za mzati zinamufika pamlomo, koma kuzinena kukanafuna kuti anenenso chimene ankafunafuna pansi pake. Anameza.

Anamva kama akulira. Anamva kupuma kwamphamvu, munthu akudzikoka ndi thabwa la m'mbali lija, pang'onopang'ono, mpaka mapazi anagunda pansi. Akutha ndithu, anaganiza Palmira modabwa. Kenako kunamveka phofo, ndowa inagubuduka, ndipo kunati zii.

Anawapeza pansi chammbali, mzati uli pamwamba pawo. Thalauza linali litanyowa. Dzanja lamanja, labwino lija, linali litapindikira kumene dzanja silipindikira. Sanalire. Anangotembenuzira nkhope kukhoma.

"Usa... ndione."

Palmira anavula nsalu yake n'kuwafunditsa, ndipo anathamanga kudimba akukuwa dzina la mlamu wake, iye Palmira mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, mpango utagwera m'njira.

Rosália sanafunse zambiri. Anaona denga lopanda chingwe, anaona miyala kunsi kwa kama, anaona dothi m'zikhadabo za Palmira. Anamutulutsa, nasintha mwamuna wake zovala. Galimoto la Gregório litafika masana, m'malo mopita ku Chidzolomondo linapita kuchipatala. Fupa la pamkono linali litathyoka. Anawaika chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, n'kunena kuti dzanjalo lisagwire kanthu milungu isanu ndi umodzi.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Galimoto linaima pabwalo, a Felisberto ali chogona pamatiresi kumbuyo. Rosália anatsika movutika atagwira m'chiuno, analowa m'nyumba, natuluka ndi thumba la zovala ndi bulangeti. Anaziika m'galimoto.

"Pronto, zatha. Munabwera kudzawatenga, atengeni."

"Alamu..."

"Mwezi wathunthu ndawanyamula ndekha, kasanu pa tsiku. Usiku ndimagona chokhala chifukwa cha msana. Masiku awiri okha ndi amene ndinapuma, masiku awiri! Inu mumati ndikufuna kuwapha. Ndikanafuna, ndikanavutikiranji ndi akalipentala? Ndikanangowasiya pamphasa." Mawu anamuthera, anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Milungu isanu ndi umodzi sindingathe. Kwanuko muli ambiri."

Gregório anayang'ana amayi ake, makiyi ali m'manja. Zimene anaitanidwira zinali zitatheka popanda mkangano.

A Felisberto anadzutsa mutu. Anayang'ana nyumba, khola, mitengo ya mapichesi imene anabzala okha. Anafuna kuloza, koma panalibe dzanja lolozera. Misozi inatsikira m'makutu.

"Kwathu... n'kuno."

Palmira anapita kumbuyo kwa galimoto. Kenako anatsitsa thumba lija ndi bulangeti n'kuziika pakhonde.

"Gregório, thandiza amalume ako alowe, ukatero uzipita. Ukawauze azilongo ako akolole nyemba zanga. Unditumizire zovala zamphepo."

"Mukhala mpaka liti, amayi?"

"Mpaka chikhakha chichoke. Mawa ndikagwada kwa a Tito adzaimikenso mzati wawo."

Rosália sanathokoze, ndipo Palmira sanayembekezere kuthokozedwa. Gregório anawanyamula amalume ake n'kuwagoneka pakama, anatsanzika, galimoto linapita.

Lisanalowe dzuwa, a Felisberto anayamba kufinyanso miyendo. Anayang'ana mkazi wawo. Rosália anayesa kuwerama, msana unamugwira, anatsamira khoma akuluma mlomo.

"Bwerani kuno, alamu," anatero. "Lowetsani mikono m'khwapa, osakoka dzanja. Bondo lanu litsekereze bondo lawo lakufalo."

Palmira anayandikira. "Achimwene, pepani. Palibenso wina."

A Felisberto anamuyang'ana mlongo wawo, amene iwo anamubereka kumsana ali khanda. Kenako anatseka maso, nakweza chigongono chakumanja kuti awagwire.