Za Pageti Zimathera Pageti

Chikwamacho ndinachipeza ndikusesa. Tsache linagunda chinthu kunsi kwa bedi la mzime wanga, ndipo nditawerama, ndi msana wangawu wosafuna zowerama, ndinaona chikwama chabuluu chija ankapita nacho achimwene ake kusukulu yogonera komweko. Chinali chodzaza. Masiketi, nsapato zatsopano, thaulo, mswachi. Ngakhale chithunzi cha malemu bambo ake anali atachichotsa pakhoma, n'kusiya msomali wokha.

Ndinachikankhira pomwe chinali. Mwana akalongedza mpaka chithunzi, ndiye kuti sakupita kokacheza.

Kumufunsa sindikanatha. Osati mantha ayi, koma ndimadzidziwa. Funso langa limatuluka ndi mano, ndipo mwana ameneyu ukangomukwezera mawu amatseka pakamwa ngati wameza kiyi. Ndikanamufunsa madzulo, m'mawa ndikanapeza bedi lozizira. Ana anga onse atatu sanandiuzepo chinthu chovuta m'nyumba. Ankandiuzira pageti.

Nyumba yathu ili tsidya lino la njanji, ndipo china chilichonse chili tsidya linalo: sukulu, msika, chipatala, ndi nyumba yogona alendo komwe ndakhala ndikuchapa ndi kusita nsalu zapabedi kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Kale njanji inali imodzi, ya sitima za anthu ndi za katundu zomwe. Ya katundu ikafika ya anthu isanachoke pasiteshoni, inkayenda ngati nkhalamba ya nyamakazi. Kuima, kukhosomola, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuyambanso, uku itapingasa msewu wathu. Mlonda wa pageti, amene tonse tinkamutchula a Mbendera, ankatsitsa chitsulo chake n'kukhala pakampando, miyendo atapiringiza.

"A Mbendera, itha liti imeneyi?"

"Ikatopa, mayi."

"Ine ndatopa kale."

"Ndiye mwaiposa. Pitani mukalandire mendulo."

Tinkang'ung'udza tsiku ndi tsiku. Oyendetsa minibasi ankazimitsa injini n'kutsika kukagula malalanje. Wometa wina anachita kumanga kabenchi pomwepo, poti munthu ankatha kumetedwa mutu wonse sitima isanathe. Mabwana a m'tauni monse anatopa ndi mawu akuti "sitima inatseka," ngakhale kwa antchito amene kwawo kulibe njanji.

Anayambitsa ndi mwana wanga woyamba, ali kamnyamata ka mamina. Sitima ya malasha ikugunda pansi mpaka m'mano, anandikoka mkono, n'kuika pakamwa pake pakhutu langa.

"Amayi, galasi la pazenera lija si mphepo inaswa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimulalatire, koma mawu anga sindinawamve ngakhale ine mwini. Ndinati chabwino, sitima ithe, uona. Koma mabogi aja sankatha. Umati lomaliza ndi ili, kumbuyo kukubwera lina. Pomwe chitsulo chinkakwera, mkwiyo unali utazizira ngati simbi magetsi atathima, ndipo anthu akundikankha kumsana kuti ndiwoloke. Ndinangoti, "Za pageti zathera pageti. Tiye."

Mwana saiwala lamulo lomukomera. Pageti paja ndinamvapo za yunifolomu yopsa ndi simbi, za kuthawa m'kalasi, za mtsikana amene lero ndi mpongozi wanga. Wachiwiri uja, kathyali weniweni, ankasunga milandu yake mpaka tsiku la sitima ya simenti, poti ndiyo inali yaitali koposa. Ngakhale bambo awo anandiuzira pomwepo zimene adokotala anawapeza nazo, maso ali pamabogi. Tsiku limenelo chitsulo chinakwera ife osasuntha. A Mbendera anationa, n'kuyang'ana kumbali.

Kenako kunabwera anthu a zipewa zachikasu. Anakumba, anatseka misewu, fumbi linalowa mpaka m'kabati ya mbale. Sitima za katundu anazimangira njanji yakeyake yozungulira kunja kwa mzinda. M'tauni anawonjezera njanji yachiwiri ya sitima za anthu, ndipo pamalo pa geti anamangapo mlatho, wa magalimoto pakati, kanjira ka oyenda pansi m'mbali. Ndisaname, zinthu zinayenda. Kuntchito ndimafika dzuwa lisanatenthe. Ambulansi siimanso pamzere n'kumangolira, wodwala ali m'kati. Amene amati kale kunali bwino sanaimepo pamvula mwana ali kumsana, wina akukoka siketi. A Mbendera anawapumitsa, kanyumba kawo anagwetsa, wometa anasamuka.

Koma chitsegulireni mlathowo m'nyumba mwanga simunamvekenso mlandu, ndipo ine si chitsiru choti n'kuganiza kuti ndikukhala ndi mngelo. Anyamata anali atachoka, kwatsala mzime, amene ankaphunzira za unamwino. M'mawa ankavala, kutenga mabuku, kutuluka. Madzulo chakudya ankangochitosatosa. Ndinaganiza zimene mayi aliyense amaganiza, moti akamadutsa ndinkamuyang'ana pamimba. Ndiye kubwera chikwama chija.

Loweruka masana ndinamupeza akupukuta mbale youma kale.

"Vala nsapato, undiperekeze kumsika."

"Mukukagula chiyani, Amayi?"

"Ukufuna lisiti tisanagule? Vala nsapato."

Tinanyamuka kulowera kumlatho. Masitepe a mlathowo anawapangira anthu a mawondo atsopano, ine ndimakwera ndikugwira chitsulo cha m'mbali. Titafika pamwamba ndinaima, n'kutsamira.

"Bondo lija?" anafunsa.

"Bondo."

Pansi, pomwe panali geti, panali simenti yosalala ndi mpanda wa waya. Panatsala kachitsa kokha, pomwe pankazungulira chitsulo chija cha a Mbendera, ndipo wina anali atakolekapo pepala la pulasitiki. Ndinaona mwana wanga akuyang'ana pomwepo. Sanafunsenso za bondo. Anasendera pafupi nane mpaka mapewa athu anagundana.

Sitinadikire nthawi, poti masiku ano sitima zimabwera motsatizana ngati ana a mayi wosalera. Inatulukira pakona, yoyera, yowala, yosakhosomola n'komwe. Ndinamva mpweya wake wofunda pakhutu langa, ngati kale.

"Amayi, ine kusukulu..."

Basi. Sitima inali itapita. Kunangoti zii, moti ndinamva wailesi ya munthu wosoka nsapato pansi pa mlatho. Mwana anabweza mutu wake msanga ngati wagwira poto wamoto.

"Palibe. Tiyeni, tichedwa kumsika."

"Sitima zanji zimenezi?" ndinatero. "Zosakwana ndi kuulula kuti waswa kapu."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, kenako maso anadzaza misozi. Anayamba kuyenda. Ndinaona msana wake ukupita, ndipo ndinadziwa kuti tikangotsika masitepe a tsidya linalo, ndiye kuti watha, ndidzangomva kwa anthu kuti anamuona pasiteshoni. Zaka zonsezi ana ankati amayi amaleza mtima pageti. Bodza. Inkaleza mtima ndi sitima, ine ndinkangosowa pokalipira. Tsopano sitima anaipititsa kutchire, ndatsala ndekha ndi pakamwa pangapa.

Ndinagwira chitsulo ndi manja onse awiri, n'kuyang'ana pansi panjanji yopanda kanthu.

"Sinathe."

Anatembenuka. "Mwati chiyani?"

"Ndati sinathe. Ya simenti iyi, sukuiona? Bwera pano. Ndipo usandiyang'ane, yang'ana mabogi."

Anabwerera pang'onopang'ono. Anaima pambali panga, nayenso maso pansi. Pakhutu sanabwerenso, panalibe phokoso lobisalamo. Analankhulira njanji.

"Anandichotsa. Mayeso ndinalephera, ndinabwereza, ndinalepheranso."

"Liti?"

"Kusanayambe kuzizira."

"Iwe! Ndiye m'mawa monsemu..."

"Mwati sinathe, Amayi."

Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere. "Pitiriza."

"Ndimakwera sitima mpaka kumapeto, n'kubwerera. Nthawi zina ndimangokhala pabenchi pasiteshoni. Magazi amandichititsa chizungulire, Amayi, kuyambira tsiku loyamba. Ndinakomokapo pamaso pa wodwala, mpaka wodwalayo ndiye anaitana anthu. Ndinkalephera kukuuzani, poti munali mutauza kale mzere wonse wa nyumba kuti mwabereka nesi." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Mnzanga wandipezera malo m'sitolo, kumzinda wina. Ndimati ndinyamuke Lolemba, inu muli kuntchito."

Mawu anandidzadza m'kamwa, ndipo onse anali oona. Nsalu zimene ndasita kuti iyeyo akhale m'kalasi mungayale nazo msewu kuchokera pano mpaka komwe amafuna kuthawirako. Manja angawa anasweka ndi sopo, iye akukwera sitima ngati mlendo woona malo. Ndipo nkhope yanga ndiiika kuti, kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amandiitana kuti "make nesi" ngakhale pobwereka mchere?

Ndinafinya chitsulo. Ndinayamba kuwaona mabogi aja, ndikunena zoona. A simenti otuwa ndi fumbi. A malasha. Lija la dzimbiri, la chitseko chopendekeka, limene linkabwera chaka ndi chaka osalikonza. Mkwiyo ukati ukwere, ndinkati dikira, kukubwera lina. Ndi sitima yeniyeni zinali zosavuta. Iyi ndinkachita kuikoka ndekha.

Bambo wina wokankha njinga anaima n'kusuzumira pansi.

"Mayi, mwagwetsa chiyani pamenepo?"

"Zakukhudzani? Dutsani, bambo."

Anadutsa akung'ung'udza kuti anthu masiku ano sathandizika. Mwana wanga mapewa ankagwedera, kaya kulira kaya kuseka, sindinayang'ane. Pansi panadutsa sitima ina yoyera ija. Sindinaiwerengere.

Tinaima mpaka dzuwa linasuntha, chitsulo chatentha m'manja. Kenako ndinamva kuti zala zanga zamasuka zokha.

"Yatha?" anafunsa motsitsa mawu.

"Yatha."

"Ndiye?"

"Ndiye Lolemba sukupita kulikonse. Ngati sitoloyo ukuifunadi, udzapita masana, ine nditakuperekeza, nditaona nkhope ya mnzakoyo. Mwana wanga sachoka panyumba ngati mbava. Wamva?"

"Ndamva. Nanga anthu muwauza chiyani?"

"Anthu ali ndi ana awo. Ena mwa anawo ndimawadziwa."

Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. Maso ofiira, mphuno yotupa, nkhope ya bambo ake yeniyeni.

"Simundikalipira?"

"Ndikukalipira mawa, pa nkhani ina. Sizisowa."

Potsika, bondo linayamba kupweteka zenizeni, ngati lamva kuti ndinalinamizira. Anandigwira mkono, tikutsika sitepe imodziimodzi, achinyamata akutizemba uku ndi uku. Tili pakati anachita kakhosomo.

"Amayi, pali kenanso. Kakang'ono."

"Sunga," ndinatero. "Lero sitima imodzi yandikwana."