Kabokosi ka Machesi ka a Fakiri

Mariamu anagubuduza chitini cha mchere n'kuchigogoda pachikhatho, koma munangogwa dzimbiri. Mawa linali tsiku la sadaka ya bambo ake, a Fakiri, amene anawaika m'manda dzana. Mpunga unalipo, mbuzi inali pachingwe, koma mchere munalibe ngakhale wonyambita. Chikulireni nkhondo ku Mozambique, katundu anasiya kubwera pa njanji, ndipo mchere ukapezeka ankagulitsa paketi imodzi munthu mmodzi.

"Bambo ankakhalira pamzere wa mchere ngati analembedwa ntchito," anatero Useni, mchimwene wake, akuzungulirazungulira pakhonde. "Nanga mcherewo uli kuti? Ankagulitsa mwakatangale, apo ayi pali nyumba ina imene sitikuidziwa."

"Achimwene, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Ndiye ashehe adye nyama yopanda mchere? Ochita manyazi ndife."

Mawuwo anamuwawa Mariamu, makamaka chifukwa nayenso anali atawaganizapo. Anamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, uyo wa ku boma.

Mzere unali utazungulira sitolo mpaka pamtengo wa mango. Anaima, kusendera, kuimanso, dzuwa likumuswa paliwombo. Kutsogolo kwake kutatsala anthu asanu, wogulitsa anakoka chitseko. "Watha. Mudzayesere Lolemba."

Mariamu anachoka pamzere. Anakhala pamuzu wa mango uja, mtima uli fuu ndi mkwiyo pa munthu amene sakanathanso kuyankha.

"Kodi si iwe mwana wa a Fakiri?" Anali mayi Rukiya, amasiye ogulitsa zitumbuwa, paketi yawo ili m'manja. "Wasowa?"

"Ndasowa, mayi. Sadaka ndi mawa."

Mayi Rukiya anapisa dzanja m'phako la mtengowo n'kutulutsa kabokosi ka machesi kothothoka m'mbali. "Aka n'ka bambo ako. Akagula paketi yawo ankakhala pomwe wakhalapo, n'kumapimira aliyense amene wasowa. Kabokosi kamodzikamodzi, mpaka paketi yonse psiti. Ankati kunyumba akanena kuti sanaupeze."

Anadzaza kabokosiko n'kukhuthulira pampango wa Mariamu, kenaka anakapereka kwa mayi wina. Kanayenda m'manja mwa onse amene anagula, ena osawadziwa n'komwe, aliyense akung'amba pakona pa paketi yake n'kumupimira. Mariamu anayang'ana mchere uja pampango. Anachita manyazi ndi zimene ankawaganizira bambo ake.

Atamanga mpangowo anaimirira kuti athamangire kwa Useni. Pakhomo la sitolo panali patatsala bambo wina wokalamba, akuyang'anabe chitseko chotseka, kathumba kopanda kanthu kali m'manja.

Mariamu anayeza kulemera kwa mpango uja. Zoti mcherewo ukwanira mbuzi yonse zinali zokayikitsa. Anakhalanso pamuzu, namasula mfundo.

"Mayi," anatero kwa mayi Rukiya, "tandibwerekani kabokosi kaja."