Matalala pa Dzungu la Amayi

A Overton, dalaivala wa panyumba yomwe ndimaphika ku Al Markhiya mumzinda wa Doha, ndi a ku Kasungu, ndipo mvula amainunkhiza ikadali kutali. Tsiku lina mu Januwale analowa kukhitchini akusisita manja.

"Zuhura, kumwambaku kwazizira zedi, pomwe nyanja ikutulutsa chinyezi chofunda. Ziwirizi zikakumana, madzi amaundana m'mitambo. Lero kugwa matalala."

"Matalala ku Doha? Inu, dzuwa lakuphikani mutu!"

Ndinaseka, koma mtima unathamangira kuseri kwa chipinda changa. Amayi asanamwalire anandipatsa nthanga zitatu za maungu ku Mangochi. Ziwiri zinapsera mumchenga. Imodzi inamera, ndipo ndinkaithirira madzi odontha ku AC. Masamba anali asanu ndi awiri basi, ndinkawawerenga m'mawa uliwonse.

Cha m'ma 2 koloko kunja kunada bii. Kenako padenga, kho! kho! kho! Ana a bwana anathamangira pazenera akukuwa kuti sinowo, madamu akujambula pafoni. Bwana anaimba ali kuofesi: "Yalla, fulumira Overton, funditsa galimoto!" Chinsalu chochindikala chinalipo chimodzi chokha.

Ndinawaona a Overton atachisenza, n'kuidutsa galimoto ija ngati sakuidziwa.

Ndinathamangira kuseri. Ndinawapeza atagwada pamwamba pa dzungu langa, chinsalu atachikweza ndi mutu, matalala akuwatibula kumsana.

"Mwapenga kodi? Akuchotsani ntchito!"

"Gwirani uko, musalongolole. Bambo anga anataya munda wonse wa fodya ndi zimenezi. Tsamba silipirira matalala."

Ndinagwira. Sizinachedwe. Ku Doha pansi ndi pofunda, zoyera zonse zija zinasungunuka ana asanapeze n'komwe nsapato. Koma paboneti ya galimoto panatsala timaenje ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Bwana atabwera anakalipa mpaka mawu kusasa, a Overton chipewa chili m'manja, akungoti, "Pepani bwana." Ntchito inatsala pang'onong'ono kuwathera.

Bwana atalowa m'nyumba, ndinawapititsira a Overton tiyi kugeti, ndili wokwiya ndithu.

"Munthu wamkulu ngati inu, kuika ntchito pachiswe chifukwa cha masamba?"

Anauzira tiyi, osandiyang'ana.

"Galimoto amakonza kugalaja, Zuhura. Nanga nthanga za amayi anu mukanakazigula kuti?"

Abale inu, ndinalira ndili chiimire, thireyi ili m'manja. Munthu ameneyu ndinamukonda kuyambira pomwepo, ndipo amene anadya nkhwani woyamba ndi iwowo.