Kamera Yoyang'ana Mwini Wake

"Inu a Mawaya, mwandigwiritsa fuwa la moto!" anakuwa Anti asanazimitse n'komwe injini ya kaminibasi kake.

A Mawaya, okonza zamagetsi a galimoto pagalaja ija, anadzutsa mutu m'boneti ya galimoto ina, sikuludiraiva ili kukamwa. Anaona nyali yakumanja ya kaminibasi kaja itaphwanyika, bampala ili lende, ataimangirira ndi chingwe choyanikira zovala.

"Pepani ndi ngozi, Anti. Ana ali bwanji?"

"Ana ali bwino, angoopsedwa chabe. Koma ine ndiye ndatha. Munamuuziranji mlongo wanga kuti asunthe kamera?"

"Ine? Mlongo wanu sindinamuone chiyambire mvula."

Anti ankanyamula ana a sukulu, m'mawa kuwapititsa, masana kuwabweza. Dzina lake lenileni ngakhale makolo anali ataliiwala, aliyense ankangoti Anti. Ankadziwika ndi chinthu chimodzi: galimoto yake sinkanyamuka mwana wina asanamange lamba, kaya alire, kaya belu liyimbe. Kamera yojambula msewu anaigula yekha popanda womukakamiza, chifukwa pamsewu anthu amakana mlandu maso ali gwa.

A Mawaya anapukuta manja n'kusuzumira m'kati. Kamera ija, kanthu kakang'ono kakuda ngati batire ya tochi, inali itamatidwa m'munsi mwa galasi lakutsogolo, moyang'anizana ndi chiwongolero, waya wake uli lendelende.

"Ntchito iyi si yanga," anatero. "Ine ndinaimata kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, cha kumbali ya pasenjala, pomwe siikutchingani koma mawaipa amafika. Waya ndinaubisa m'denga, ndipo ndinazemba paja pali thumba la mpweya lofufuma pangozi. Munali pompano, mukundilonda ngati ndikuberani batire. Apa ndi pamaso penipeni pa dalaivala. Ngakhale nditaledzera sindingaike apa."

Anti anakhala pa tayala lakutha n'kufotokoza. Lolemba m'mawa anapeza kamera itasuntha. Mlongo wake wotsiriza kubadwa, amene banja lonse linkangomutcha Mzime, anati Lamlungu akutsuka galimoto pabwalo, a Mawaya anadutsa n'kumuuza kuti kuseri kwa kagalasi kumatentha, kamera ingapse. Anti ataona kadiso kakumuyang'ana iye, anafunsa. Mzime anaseka n'kunena kuti, "Achemwali, muli kumbuyo. Zamakonozi zili ndi maso awiri, lina kunja lina m'kati." Nthawi inali itatha, ana akudikira m'mageti, ndiye Anti anangonyamuka. Mwana wa mayi ako ungamufunse kawiri?

Lachitatu pamphambano, lole yonyamula njerwa inatulukira kumanja osaima, n'kukhula kaminibasi. Dalaivala wa lole anatsika akulumbira kuti iye anali atalowa kale mumsewu, mayiyu ndiye sanayang'ane. Anti sanakangane naye. Anangoloza kamera monyadira n'kuuza wapolisi kuti, "Bwana, mboni yanga ndi iyo."

Kuofesi ya polisi, wapolisi uja analowetsa kakhadi ka kamera mukompyuta n'kutsegula kachigawo komaliza. Msewu sunaoneke, lole sinaoneke. Inaoneka ndi nkhope ya Anti yokha, mphuno kudzaza sikirini yonse, akukalipira mwana wina kuti asiye kunyambita zenera. Ofesi yonse inafa ndi phwete. Wapolisi atatha kuseka anati chinthu chotchinga maso a dalaivala ndi mlandu pachokha, ndipo lole inatulukira mbali yomweyo yomwe chinatchinga. Anamulembera chindapusa n'kumubwezera kakhadi kake.

"Chindapusa si kanthu," anatero Anti. "Ahedi a kusukulu aitanitsa msonkhano wa makolo Loweruka. Akuti dalaivala wodzitchinga maso dala sangamupatse ana. Ndawauza kuti wasuntha ndi wina, ati ndibwere naye adzanene yekha. N'chifukwa chake ndabwera kudzakutengani."

"Ndingapite, koma ndikanena kuti chiyani? Kamera iyi ili ndi diso limodzi, Anti, ndinaigwira ndi manja angawa. Tapatseni kakhadiko, tione za Lamlungu."

Analowa m'kachipinda kodzaza mabatire ndi mawaya, a Mawaya n'kutsegula laputopu yawo yong'aluka pakona. Anabwerera m'mbuyo mpaka Lamlungu. Poyamba panaoneka geti la kunyumba kwa Anti, kenako dzanja linaphimba chithunzi, zinthu zinazungulira, ndipo panatulukira nkhope ya Mzime atavala magalasi akuda. Anadzikonza kolala, n'kuliza injini. Mitengo inayamba kuthamanga pazenera. Mnyamata uja anatsegula pakamwa n'kuyamba kuyimba nyimbo yopeka yekha, dzanja limodzi pachiwongolero, lina pamtima, maso nthawi zina atatsinzina.

"Mawu ali nawo," anatero a Mawaya, kenako atayang'ana nkhope ya Anti anatseka pakamwa.

Anti sanaseke. Mzime analibe laisensi. Anali atayesa mayeso oyendetsa n'kulephera, wolipira ndalama zake ali Anti yemweyo. Lamlungu limenelo Anti anali kuchipatala kukazonda mnzake, kiyi ili m'chikwama mwake. Zinamuwawa kwambiri, osati chifukwa cha galimoto, koma chifukwa cha kuseka kuja kwa Lolemba m'mawa, kumuuza kuti ali kumbuyo.

Atafika kunyumba anapeza Amayi akupinda zovala pabalaza, Mzime atagona pampando wautali, foni ili pamimba.

"Dzuka iwe," anatero Anti. "A Mawaya akuti moni. Akuti nyimbo yako ndi yabwino."

Mzime anadzuka pang'onopang'ono ngati wodwala msana. Anayang'ana Amayi, Amayi n'kuyang'ana thaulo lomwe linali m'manja mwawo.

"Achemwali, ndimafuna ndikuuzeni."

"Liti? Nditamangidwa? Unaiwala kubwezera kamera, ndiye m'malo monena zoona n'kundinamiza kuti ili ndi maso awiri. Ine ndi ana a eni ake m'galimoto! Kiyi unaitenga kuti?"

Kenako Amayi anatsokomola.

"Yapadera ija ndinamupatsa ndine," anatero. "Anati angojambula kanyimbo kake n'kubwera. Ndinaona kuti palibe vuto, galimoto inangokhala."

Anti anawayang'ana mayi ake kukamwa kuli yasa. Kiyi yapadera anawasungitsa iwo chifukwa m'nyumba monse ndi iwo okha amene ankawakhulupirira. Lachitatu atabwera kuchokera kupolisi akulira, Amayi omwewa anamusisita msana n'kumati ngozi siona nkhope, pomwe zonse ankazidziwa.

"Chabwino, zachitika," anatero Anti. "Loweruka tipitira limodzi kusukulu. Ukangonena kuti unasuntha ndiwe ndipo unandinamiza. Basi. Zina ndiyankha ndekha."

"Aaa, Achemwali, wapampando wa makolo uja si wapolisi wapamsewu? Akandifunsa kuti ndinkasunthiranji. Akadziwa kuti ndinayendetsa opanda laisensi, ndiye kuti ndapita."

"Nanga ine sindinapite?"

"Inu ndi nkhani yaing'ono. Mukangopepesa, makolo amakukondani."

"Mwanawe," analowererapo Amayi, "iwe ndiwe wamkulu. Chindapusa walipira kale, mlandu watha. Ukufuna tsopano mlongo wako akagone kupolisi chifukwa cha kakamera? Akalembedwa dzina kumeneko, ntchito adzaipeza kuti? Anthu adzati chiyani, kuti unapereka mwana wa mayi ako?"

"Amayi, chakudya cha m'nyumba muno chimachokera m'kaminibasi kamene kaja."

"Ndikudziwa. Koma iwe ndi wolimba mtima, umatha kupirira. Uyu ndi mwana."

Mwana wake wa ndevu! Anti anafuna kukuwa. Chibadwire anakhala akumva zomwezo. Mzime akaswa mbale, wokalipiridwa anali iye chifukwa sanamuyang'anire. Mzime atasiya sukulu ya zamakompyuta pakati, anauzidwa iye kuti asamuyankhule mokhadzula, angadwale maganizo. Analowa kuchipinda kwake n'kutseka chitseko.

Tsiku lotsatira mafoni anayamba. Mayi wa mapasa anati ana ake ayamba apuma kaye, bambo awo aziwaperekeza. Wina sanaimbe n'komwe, Anti anangopeza geti lotseka, wantchito n'kumuuza pampata kuti mwana wapita kale ndi galimoto ina. Amene anakwera anakhala duu, palibe woyimba, palibe wonyambita zenera. Kamtsikana kena kanamufunsa kuti, "Anti, akuti simuona bwino, n'zoona?" Anti anangoti, "Manga lamba, mwanangu."

A Mawaya anaibwezera kamera kuseri kwa kagalasi, n'kuika kakhadi katsopano, anzawo a pagalaja n'kukonza nyali ndi bampala. Kakale kaja Anti anakakulunga m'kapepala n'kukaponya m'chikwama. Pofika Lachisanu anali atagonja mumtima. Anaganiza zokaima pamaso pa makolo n'kunena kuti analakwitsa yekha, amukhululukire. Ena akanachoka, mwina ena akanatsala. Anali atakonza ndi mawu omwe, akuwabwereza pochapa mipando ya galimoto pabwalo masana amenewo.

Ali mkati mochapa, Mzime anatuluka atavala malaya osita bwino, akununkhira perefyumu ya Anti. Anazungulira kaminibasi, n'kugogoda bampala ndi nsapato.

"Akonza bwino ndithu," anatero. "Achemwali, mwakhululuka eti? Amayi akuti mwakhululuka."

Anti anapitiriza kupukuta mpando.

"Ndiye ndimati ndikupempheni kanthu kakang'ono. Kakhadi kaja musakafufute. Muli nyimbo yanga, inatuluka bwino kwambiri, mnzanga wa situdiyo akuifuna lero. Mungandibwereke?"

Anti anasiya kupukuta. Madzi a sopo anatsika m'mkono mpaka m'chigongono, iye osawamva. Anamuyang'ana mlongo wake kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi akuda omwe anawakweza pamphumi. Pankhope pa mnyamatayo panalibe manyazi ngakhale pang'ono, ankangodikira ngati munthu amene wapempha mchere.

"Sunandifunse n'komwe kuti ana atsala angati m'galimoto muno," anatero Anti motsitsa mawu.

"Aaa, abwerera amenewo. Ndiye kakhadiko?"

Amayi anali atatulukira pakhomo, beseni lili m'manja. Anti anafinya kansanza kake bwinobwino, n'kukayanika pachitseko cha galimoto.

"Kakhadi kali m'chikwama mwanga, ndipo sindifufuta," anatero. "Nyimbo yako ikufuna anthu oionera, si choncho? Mawa kumsonkhano kudzadza makolo, ahedi ali ndi sikirini yaikulu. Ndikawaonetsa yonse, kuyambira pomwe dzanja lako likuzula kamera."

"Achemwali, mukuseka?"

"Ukafuna ubwere udzanene wekha ndisanaitsegule, mwina angakumvere chisoni. Ukapanda kubwera, ikayankhula nyimbo."

"Mwanawe!" anakuwa Amayi, beseni n'kugwa pansi. "Ukufuna kundipha ine? Ndi mlongo wako ameneyu!"

"Inenso ndine mwana wanu, Amayi," anatero Anti, misozi ikutsika koma mawu osagwedera. "Kiyi yapadera ija mundipatse pompano."

Amayi anamuyang'ana ngati mlendo. Kenako analowa m'nyumba, n'kubwera nayo kiyi ija, ndipo m'malo momupatsira m'manja anaiika pa boneti.

M'mawa wa Loweruka Anti anadzuka, n'kusamba, n'kuvala diresi yake yabwino. Amayi sanamuyankhe moni. Chitseko cha Mzime chinali chotseka, nsapato zake palibe pakhonde. Anti analiza injini n'kudikira pageti kanthawi ndithu, akuyang'ana kumsewu ngati mnyamatayo angatulukire. Sanatulukire. Anagwira chikwama chake kuti amve ngati kakhadi kalimo, n'kunyamuka yekha kupita kusukulu.