Nyerere ndi Tsamba Lotsekemera

Nyerere ndinaziona Lachiwiri m'mawa, kuseri kwa nkhokwe, pamene amuna anga Antonio amatayira madzi akadzuka. Zinali zitaunjikana pa dothi lonyowa, zakuda bii, ngati wina walavulirapo nzimbe. Ndinaima ndi tsache m'manja. Nyerere zoterezi ndinaziona chaka chatha, achipatala asanawapeze ndi matenda a shuga. Ndinazionanso kwa alamu anga aSimeoni, akulu awo a Antonio, amene anapita ku Chipata ndi miyendo iwiri n'kubwerako ndi umodzi. Mvula isanagwe tinawaika m'manda.

Chimene chinandiopsa n'chakuti shuga m'nyumba mwanga ndinachotsamo miyezi isanu yapitayo.

Antonio ndi munthu wa tiyi. Masupuni anayi a shuga, asanu ngati sindikuyang'ana. Anesi a pa chipatala chathu chaching'ono, aComfort, atawaletsa, sabata ziwiri anamwa tiyi wopanda kanthu atakwinya nkhope ngati akumwa madzi otsukira mbale. Ndipamene anesiwo anandiuza za chitsamba chotchedwa sitiviya, chotsekemera kuposa shuga koma chosakweza shuga wa m'thupi. Mbande ndinaipeza pamsika wa ku boma, kwa mayi wogulitsa mbande za tomato. Ndinaibzala pambali pa bafa, pamene madzi sauma. Masamba ndimayanika pamthunzi, ndipo atatu okha amakwanira tiipoti yonse. Kutsekemera kwake kumafika mochedwa, n'kusiya kakuwawa kummero, koma Antonio anayambanso kuseka pa tiyi. Mwezi ndi mwezi anesi akawabaya chala, nambala ya shuga inkatsika.

Ndiye nyerere zinkafunanji?

Ndinayamba kulumikiza zimene ndinkaziona koma osaziganizira. Chigubu cha madzi chimene tinkapita nacho kumunda chinkatha dzuwa lisanafike pamutu. Lamba anali ataboola bowo lina. Ndiponso chala chachikulu cha kuphazi lamanzere, chimene anagunda pa chitsa sabata zitatu zapitazo, chinali chidakali m'kansanza, ndipo sankalola kuti ndichione.

Ndinaganiza kuti akubisa shuga. Iwo anali atalawirira kale kukakumba nshawa, mtedza wa kumunda kwathu, choncho ndinafufuza nyumba yonse. M'matumba a jekete, m'kachikwama ka zipangizo za njinga, m'nsapato za kutchalitchi. Kenako ndinakwera pampando ndi kupisa dzanja mu udzu wa denga, pamwamba pa chitseko. Ndinatulutsa kapepala ka pulasitiki. Munalibe shuga. Munali mapiritsi awo a shuga, oyera, odzaza chikhatho changa. Lililonse mwa mapiritsiwo ndinawapatsa ndine m'manja, m'mawa ndi madzulo, n'kutembenuka kukachita zina.

Kumunda ndinathamanga, ine wa zaka makumi asanu. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, khasu lili poteropo, mzere umodzi wokha atakumba. Pambali pawo panali mafuwa atatu ndi kachitini kakuda ndi mwaye, kodzaza masamba a sitiviya owiritsa.

"Atate a Tiya, izi n'chiyani?" Ndinawatambasulira dzanja la mapiritsi.

Anayang'ana kanthawi, maso ali ofiira. "Mwayamba kukwera pa denga, amake Tiya? Mudzathyoka."

"Ndikufunsa."

"Sasakaniza," anatero. "Mwana wamng'ono amadziwa. Ukayamba mankhwala achikuda, achizungu umasiya. Akakumana m'mimba amamenyana, wofa ndiwe."

"Ndani anakuuzani kuti tsambali ndi mankhwala?"

"Nanga si tsamba? Mumathyola, mumayanika pamthunzi, mumawiritsa. Mayi ankatero kwathu ku Mozambique, nthawi ya nkhondo, kopanda chipatala. Ndipo nambala inatsika, munaona nokha. Mapiritsi ndamwa chaka chathunthu osachira. Akulu anga anamwa mapiritsi mpaka tsiku lowadula mwendo."

"Akulu anu ankamwera mapiritsi ndi fanta."

Anafuna kuseka koma mpweya unawathera. Ankapuma mothamanga ngati galu wa m'chilimwe, milomo itauma, yoyera m'mbali. Ndinagwada ndi kumasula kansanza kaja. Sanandiletse, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa zonse. Fungo linandimenya kumaso. Chala chinali chitada, chinzake chapafupi chitayambanso, ndipo kufiira kunali kukwera pamwamba pa phazi. Ndinatsina pamenepo ndi chikhadabo. Sanagwedezeke n'komwe.

"Mukumva?"

"Chiyani?"

Munda woyandikana ndi wathu ndi wa aManase, ndipo tsiku limenelo anali ndi ngolo yawo akututa. Sindinapemphe mwaulemu. Ndinawauza kuti atsitse nshawa zawo pansi. Anandiyang'ana, anayang'ana phazi lija, n'kuyamba kutsitsa.

Ng'ombe sizidziwa changu. Njira yonse ya ku chipatala ndinawapakata Antonio mutu pamiyendo, ndikuwaitana kuti asagone. Ankayankha, kenako ankangong'ung'udza. Pena anatchula aSimeoni ngati ali nafe m'ngolomo. AManase ankakwapula ng'ombe osatembenuka.

Anesi atawabaya chala, kamakina koyezera shuga sikanaonetse nambala. Kanangolemba zilembo ziwiri.

"Ndiye kuti chiyani, asisita?"

"Ndiye kuti shuga wakwera kupyola pamene kamakinaka kamawerengera." Anali akufunafuna kale msempha wolowetsa diripi. "Mapiritsi amamwa?"

Ndinawaonetsa kapepala kaja ndi kachitini, pakuti ndinali nditatenga zonse. Ananunkhiza m'kachitinimo n'kutseka maso.

"Mayi, tsambali ntchito yake ndi kulowa m'malo mwa shuga mu tiyi, basi. Nambala inatsika chifukwa anasiya masupuni anayi aja uku akumwa mapiritsi. Silichiza. Ndipo kumwa lochuluka chonchi, ena limawatsitsa kuthamanga kwa magazi mpaka chizungulire. Ndinakuuzani inu zimenezi."

"Munandiuza ine. Iwo anali panja akuyang'anira njinga."

Anesi anaimba foni ku boma kuti galimoto ya odwala ibwere.

Ku chipatala cha ku boma tinakhala masiku khumi ndi limodzi. Tsiku loyamba dokotala anajambula mzere ndi cholembera pa phazi, pamene kufiira kunalekezera, nati kukadutsa pamenepo tipita ku Chipata. Sanafotokoze zokachita ku Chipata, ndipo ine sindinafunse. M'mawa uliwonse ndinkavundukula bulangete ndisanawapatse moni. Tsiku lachitatu kufiira kunagunda mzere. Ndinakhala pamenepo ndikuuyang'ana mzerewo mpaka maso anachita chidima. Tsiku lachinayi kunali pomwepo. Lachisanu kunabwerera pang'ono, mwina ngati m'lifupi mwa chikhadabo.

Zala ziwiri anadula. Mwendo unatsala.

Titabwerera kunyumba ndinatenga khasu ndi kupita pambali pa bafa. Chitsamba chija chinali chitaphukira bwino, chobiriwira, chosadziwa kanthu. Antonio anali pakhonde, phazi atalisanjika pa mpando.

"Zulani," anatero. "Chinafuna kundipha."

"Chinakwera pa denga ndi chitsambachi?"

Ndinaganiza za tiyi wopanda kanthu, ndi masiku angati amene munthu uyu angapirire asanapite kukapempha supuni ya shuga kwa aManase. Ndinapalira udzu wozungulira chitsambacho, n'kubweza khasu.

Tsopano m'mawa ndimawaika piritsi m'manja ndipo sinditembenuka. Ndimayang'ana pakhosi mpaka litadutsa, kenako amatsegula kukamwa ndi kukweza lilime. Tiyi wa masamba atatu amabwera pambuyo pake. Tsiku loyamba anagwira kapu nthawi yaitali osamwa, akudikira kuti zinthu ziwirizo zikakumane m'mimba.

"Zikamenyana, mudzanena chiyani kwa abale anga?" anafunsa.

"Ndidzawauza kuti ndine. Imwani, akuzizira."

Anamwa. Mpaka lero amamwa ngati munthu wowoloka mtsinje wodzaza, ndipo sindikudziwa ngati anakhulupirira kapena amangondiopa. Denga ndimalipisabe. Ndipo ndisanasese pabwalo, ndimayamba ndapita kuseri kwa nkhokwe, n'kuwerama pa dothi lonyowa.